Kodi mbalame za m'madzi tingakazione ndi kuzijambula kuti kuno ku Harare?

Bambo a Chisomo, Mufakose

Moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo ndinabadwira kuno ku Harare, ngakhale kuti makolo anga anachokera ku Zomba, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Malemu bambo anga ankakonda kutisimbira za zipweyo ndi atsekwe amene ankawaona ali mnyamata, koma ife tinakula tikungomva mayinawo osadziwa kuti eni ake amaoneka bwanji. Chaka chino mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanditumizira kamera yogwirapo kale ntchito, yokhala ndi lenzi yofika 300mm, ndipo ndinaganiza zoti ndiyambe ndi mbalame za m'madzi zomwezo.

Loweruka lapitali, mkati mwa mwezi uno wa Ogasiti, ndinapita ku dambo la Monavale chifukwa ndinamva kuti alendo amachoka kutali kudzaona mbalame kumeneko. Zimene ndinapeza zinandifooketsa. Udzu unali wouma, mbali ina unali utapsa ndi moto, madzi ndinangowaona m'kamtsinje kokha, ndipo m'maola atatu amene ndinakhalako ndinaona nantchengwa mmodzi ndi akakowa awiri basi. Zithunzi zake n'zochititsa manyazi: akakowa atuluka oyera mbee ngati mapepala, nthenga zosaoneka n'komwe, pamene nantchengwa, amene ndinamujambula akuuluka, akungooneka ngati chithunzithunzi cha chisanza chouluzika ndi mphepo.

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayamba kale. Kodi ndinalakwitsa malo kapena nyengo? Nanga kamerayi ndiichite chiyani? Ndingakondwenso kumva mayina a mbalamezi m'Chichewa, chifukwa adzukulu anga amayankhula Chishona ndi Chingelezi, ndipo ndikufuna kuti chithunzi chilichonse ndiziwapatsa pamodzi ndi dzina lakwathu.

Mayi a Tadala, Mabelreign

Bambo a Chisomo, malo simunalakwitse, koma munapita pa nthawi imene dambolo lili m'tulo. Ine ndimakhala chapafupi ndipo ndakhala ndikuyendamo kwa zaka zambiri, choncho ndikhoza kukuuzani kuti Monavale wa mu Ogasiti ndi Monavale wa mu Januwale ndi malo awiri osiyana kotheratu. Si nyanja kapena damu ayi. Ndi dambo la udzu lokhala pa dothi la makande, limene limamwa madzi a mvula kuyambira mu Novembala mpaka lonse litakhuta, kenako n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kupita mu mtsinje wa Marimba, womwewo umene umadutsa kufupi ndi kwanuko usanakathire m'nyanja ya Chivero. Mukadzapitanso pakati pa Disembala ndi Malichi, makamaka chaka chimene mvula yagwa bwino, mudzapeza madzi ofika m'akakolo pansi pa udzu wofika m'chiuno, ndipo musadzaiwale majombo, chifukwa makande akanyowa amavula munthu nsapato.

Komabe ndikuchenjezeni pasadakhale kuti mbalame zimene zinatchukitsa dambolo si zojambulika mosavuta. Zimene alendo amadzera ndi timbalame tobisala mu udzu, monga kamene m'Chingelezi amakatcha striped crake ndi kena kotchedwa streaky-breasted flufftail, timene timabwera ndi mvula kudzaswa ndipo madzi akauma timachoka. Kachiwirika ndakamva kakulira nthawi zosawerengeka mbandakucha, kulira kwake kobwerezabwereza ngati munthu akuuzira m'botolo, koma kukaona ndi maso ndakaona kawiri kokha, ndipo nthawi zonse ziwirizo kanangodutsa pakati pa zitsa za udzu ngati mbewa. Zimene mungajambule bwino kumeneko ndi zokhala pamwamba pa udzu. Pali mkuta wakuda wa mapiko ofiirira, umene umakonda kutera pa chitsamba n'kumaumitsa nthenga dzuwa likamatuluka, komanso mbalame zakuda za michira italiitali ndi msana wachikasu zimene zimauluka mwaulesi pamwamba pa malo awo pofuna kukopa zazikazi. Mkuta wakudawu uli ndi khalidwe limene adzukulu anu adzaseka nalo, chifukwa wamkazi akaikira mazira amasiyira wamwamuna ntchito yofungatira ndi kulera ana, iye n'kupita kwa mwamuna wina.

Dambo la Monavale ndi limodzi mwa malo asanu ndi awiri a m'Zimbabwe amene mu 2013 analembedwa m'ndandanda wa pangano la Ramsar, pangano loteteza madambo limene linasainidwa ku Iran mu 1971. Atatu mwa malowo ali kuno kwathu, omwe ndi Monavale, damu la Cleveland, ndi nyanja ya Chivero pamodzi ndi ya Manyame. Nyanja ya Chilwa imene bambo anu ankasimba ili m'ndandanda womwewo, ndipo ndiyo inali yoyamba kulembedwa ku Malawi. Ngati mukufuna kuphunzira msanga, yendani ndi a BirdLife Zimbabwe, bungwe loona za mbalame, amene amakhala ndi maulendo a Lamlungu m'mawa ku Monavale ndi ku Mukuvisi Woodlands. Munthu amaphunzira zambiri pa maola awiri oyenda kumbuyo kwa wodziwa kulira kwa mbalame kusiyana ndi mwezi wathunthu woyenda yekha.

Bambo a Limbani, Mabvuku

Akuluakulu, ine ndimadya za kamera, ngakhale kuti zimene zimandipatsa ndalama ndi maukwati ndi zinkhoswe, mbalame ndi zapamtima chabe. Ndiyankhe za zithunzi zanuzo, chifukwa vuto la kakowa ndi lofanana ndendende ndi vuto la diresi la mkwatibwi.

Kamera ikamayesa kuwala imayang'ana chithunzi chonse. Kakowa akaima kutsogolo kwa bango lakuda kapena madzi a mthunzi, kamerayo imaganiza kuti malowo ndi amdima, ndiye imawonjezera kuwala, ndipo chimene chinali choyera kale chimapserera mpaka nthenga zonse kufufutika. Pa kamera yanu pali kabatani kokhala ndi zizindikiro za + ndi -. Mukamajambula mbalame yoyera, tsitsani kufika pa -1, jambulani, yang'anani ngati mizere ya nthenga ikuoneka, ndipo ngati dzuwa lakwera tsitsaninso pang'ono. Mbalame yakuda imene ili kumwamba kowala imafuna zosiyana ndi zimenezi, mukweze kupita ku +1. Za nantchengwa wosaoneka bwinoyo, chifukwa chake n'chakuti shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, inatseguka nthawi yaitali mbalame ikuyenda. Ikani kamera pa S, kapena pa Tv ngati ndi ya Canon, musankhe 1/1000 ya sekondi pa mbalame yoyenda m'madzi ndi 1/2000 pa youluka, ndipo ISO, yomwe ndi mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala, muisiye kuti izidzisankhira yokha. Chithunzi chokhala ndi timadontho chifukwa cha ISO yokwera chimakonzeka pa kompyuta, koma chithunzi chogwedezeka n'chotaya basi. Musankhenso kadontho kamodzi kokha ka focus, kosonyeza pamene chithunzi chiyenera kuoneka bwino, n'kukaika pa diso la mbalame, apo ayi kamera izidzakusankhirani bango limene lili patsogolo.

Lenzi ya 300mm si yaifupi monga anthu ena amanenera, koma imafuna kuti mbalame ikhale pafupi, ndipo mbalame siyandikiridwa poithamangira. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ku damu la Cleveland, limene lili kufupi ndi kwathu kuno, kumene mtsinje wa Mukuvisi umayambira. Ndinali nditatha milungu ingapo ndikulondola mbalame ija yotchedwa African jacana, ya thupi lofiirira, khosi loyera ndi chipumi chobiriwira ngati thambo, imene imayenda pamwamba pa masamba a maluwa a m'madzi ndi zala zake zazitali kwambiri. Ndikasendera phazi limodzi, iyo inkasendera mapazi khumi. Tsiku lina bondo linandivuta, ndiye ndinayala thumba la saka pansi m'mphepete mwa madzi n'kukhala, dzuwa lili kumsana kwanga. Patapita nthawi yosakwana ola, mbalame zinandiiwala. Jacana uja anafika pafupi moti ndinkamva masamba akumira ndi kuvuuka pansi pa zala zake, ndipo nditayang'ana mu lenzi ndinaona timiyendo tambiri tikulendewera pansi pa mapiko ake. Poyamba ndinkayesa kuti ndi yolumala, koma inali yaimuna itanyamula anapiye ake m'khwapa, monga mmene imachitira ikaona zoopsa. Itafika pa tsamba lalikulu inakweza mapiko, tiana titatu n'kugwera pa tsambalo n'kuyamba kujompha tizilombo. Chithunzi chimenecho chili pakhoma m'nyumba mwanga, ndipo chinakongola chifukwa chakuti kamera inali pafupi ndi madzi, molingana ndi diso la mbalameyo, moti kumbuyo kwake kunangosanduka kubiriwira kosalala.

Fikani dzuwa lisanatuluke ndipo muzichoka cha m'ma 9 koloko, chifukwa kupitirira apo kuwala kumauma ndipo madzi amathobwa. Valani zovala zosawala. M'miyezi ino yozizira m'madambo mumagwa chisanu, ndipo batire limatha msanga, choncho lachiwiri muziliika m'thumba la malaya kuti lizimva kutentha kwa thupi. Za timbalame tobisala timene mayi anena pamwambapa, anzanga ena amaliza kulira kwake pa foni ndipo timatuluka tokha mu udzu. Inenso ndinayesapo kamodzi ndipo zinatheka.

Agogo a Yamikani, Dzivarasekwa

Zikomo bambo chifukwa chofunsa za mayina, pakuti funso limenelo landifika pamtima kuposa la kamera, limene sindingaliyankhe. Ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, koma mawu ndi anga. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kuchokera ku Nsanje, nyanja ya Chivero ikutchedwabe McIlwaine ndipo mtsinje wa Manyame ukulembedwa kuti Hunyani. Nyanjayi ndi damu limene linamangidwa mu 1952, ndipo ine ndawedzamo zaka zambiri pa masiku opuma.

Ngati mukufuna mbalame zazikulu zooneka poyera, zimene munthu woyamba kumene angajambule, musadikire mvula ayi, pitani ku Chivero kuyambira mwezi wa mawa mpaka mu Novembala. Ndi ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 30 kuchokera m'tauni potsata msewu wa ku Bulawayo, ndipo kwa inu a ku Mufakose ndi pafupi kuposa pamenepo. Nthawi imeneyo madzi amatsika n'kusiya matope m'mphepete, madambo ang'onoang'ono amakhala atauma, ndiye mbalame zonse zimasonkhana pamodzi. Mudzaona nkhwazi, imene imalira itagadamitsa mutu kumbuyo, yaimuna ndi yaikazi zikulandizana, ndipo yaikulu pa ziwirizo ndiye yaikazi. Mudzaona mphipi zitaima pa zitsa zouma, mapiko ali tambasu, chifukwa nthenga zake zimanyowa zikamira posaka nsomba. Zipweyo zimene bambo anu ankanena ziliko, abakha a nkhope yoyera aja amene amayenda m'magulu, ndipo simudzafunsa munthu kuti ndi ziti, chifukwa zimatchula zokha dzina lake ndi likhweru lake. Atsekwe alipo a mitundu iwiri, wamkulu wakuda wa mimba yoyera ndi wina wofiirira wokhala ndi banga kuzungulira diso. Palinso kakowa wina wakuda amene posaka nsomba amafunyulula mapiko ake kutsogolo n'kudziphimba mutu ngati ambulera, nsomba zikathawira mu mthunziwo iye n'kuzitola. Timbalame ta miyendo yaitali timene timathamanga pa matope m'miyezi imeneyo, tambiri mwa ito timachokera ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, timafika cha mu Seputembala n'kubwerera cha mu Epulo. Kwathu tonseto tinkangotitcha timbalame ta m'matope. Adokowe nawonso ndi alendo, ndipo akuda a mimba yoyera aja akafika mu Novembala, ife tinkadziwa kuti yakwana nthawi yoti mbewu ikhale pafupi.

Nantchengwa amene mwamujambulayo musamupeputse. Kumudzi tinkamuopa, akuluakulu ankati akalira pafupi ndi nyumba ndiye kuti kukubwera uthenga woipa, ndipo mwana sankaloledwa kuponya mwala pa chisa chake. Kaya zinali zoona kaya ayi, chiletsocho chinamusunga. Mukadzapeza chisa chake pa mphanda ya mtengo mudzadabwa kuti kambalame kotero kangamange nyumba ya denga, ya khomo chapansi, yolimba moti munthu akhoza kuimapo pamwamba. Akachokamo, akadzidzi amalowamo.

Koma ndinene zowawa. Madzi a Chivero si amene ndinawapeza. Mzinda wonse uli kumtunda kwa nyanjayo, ndiye zonyansa za m'masuweji ndi za m'mafakitale zimatsikira komweko kudzera mu Mukuvisi, Marimba ndi Manyame, kenako ife tomwe n'kumamwa madzi omwewo. Namasupuni, udzu woyandama uja umene unachokera ku South America, amakula msanga m'madzi otere mpaka kutseka magombe. Mu Disembala 2024 ndere zapoizoni zinapha nsomba zambiri pamodzi ndi zipembere zinayi za m'paki ya kumeneko. Choncho musalowe m'madzi pofuna chithunzi, musasambe m'manja m'menemo musanadye, ndipo kumbukirani kuti ng'ona ziliko. Likodzonso silisankha kuti uyu ndi mphunzitsi. Pa geti la paki pamakhala ndalama yolowera, ndipo ndi bwino kupita anthu awiri kapena atatu, chifukwa munthu wamkulu woyenda yekha ndi kamera pakhosi kumalo kopanda anthu amaitana akuba.

Mayi a Tadala, Mabelreign

Agogo anena zoona, Chivero ndiye sukulu yabwino yoyambira, ndipo malangizo a Bambo a Limbani a za kamera ndawakopera m'kope langa. Koma pa nkhani yoliza kulira kwa mbalame pa foni, achimwene, mundikhululukire, sindikugwirizana nanu, ndipo sindikufuna kuti Bambo a Chisomo ayambe ndi chizolowezi chimenecho.

Chimene chimatulutsa kambalame mu udzu si chidwi ayi. Kamayesa kuti kamuna kena kalowa m'malo ake, ndiye kamasiya chisa kapena ana n'kubwera kudzamenya nkhondo ndi mdani amene kulibe. Timbalame timeneti tili ndi milungu yochepa chabe yoti tiswe madzi asanaume, ndipo dambo la Monavale ndi laling'ono, moti malo amene timapezeka amadziwika ndi aliyense. Inu munaliza kamodzi, koma Loweruka lotsatira kunabwera wina, ndipo Lamlungu winanso. Chaka china ndinapeza alendo anayi atazungulira chitsa chimodzi cha udzu, wina akuliza foni, ena akupondaponda kuti kambalame kauluke. Atachoka ndinaona kuti udzu wonse wagona, ndipo mlungu wotsatira pamalopo sipanamvekenso kulira. Sindingalumbire kuti chisa chinaphwanyidwa, koma kuyambira tsiku limenelo ndimayenda m'tinjira tokhatokha, ndipo chithunzi cha kambalameko ndilibe mpaka lero. Nkhani yanu ya jacana ikusonyeza njira yabwino kuposa ya foniyo, popeza mbalameyo inabwera ndi ana ake chifukwa chakuti simunaivutitse.

Palinso nkhani ya minda, imene ife Achewa a kuno sitingaiyankhule ngati ya anthu ena. Mayi anga analera ana asanu ndi chimanga ndi mbatata za m'dambo lina la kumadzulo kwa mzinda uno, ndipo sindingaloze chala mayi amene akulima m'dambo lero chifukwa ufa wakwera mtengo. Komabe n'zoona kuti khasu likadula mizu ya udzu wachilengedwe, feteleza n'kulowa m'madzi, mbalame zoswera mu udzu zimachoka, ndipo dothi limayamba kukokolokera ku Chivero. Kwa ine choopsa kwambiri ndi nyumba ndi mashopu omangidwa pa madambo, chifukwa munda ukasiyidwa udzu umatha kubwerera patapita zaka, monga mmene a Conservation Society of Monavale asonyezera pa mbali imene akuisamalira, pamene simenti ikathiridwa ndiye kuti zatha. N'chifukwa chake zithunzi zanu zingakhale ndi ntchito yoposa kukongoletsa khoma. Mukamalemba tsiku, malo ndi chiwerengero cha mbalame zimene mwaona, n'kuziika pa eBird kapena BirdLasser, mapulogalamu a pa foni olembamo mbalame zimene munthu waona, zimakhala umboni wa zimene zili m'dambomo. Mu Januwale ndi mu Julayi kumakhalanso kalembera wa mbalame za m'madzi, ndipo munthu wodziwa kuwerenga mosamala ngati mphunzitsi amafunika kumeneko ngakhale asanadziwe mayina onse.

Bambo a Limbani, Mabvuku

Achemwali, ndamva ndipo sindikutsutsa. Ndinalemba mopepuka chifukwa sindinaganizire za kuchuluka kwa anthu amene amaliza mafoni pamalo amodzimodziwo. Ndingowonjezera kuti foniyo ili ndi ntchito ina imene sivulaza kanthu: kujambula mawu a mbalame imene ikulira yokha, n'kukamvetsera kunyumba mpaka khutu litazolowera. Komanso ngati mdzukulu wapita nawo ndipo alibe kamera, agunditse diso la foni pa galasi limodzi la magalasi oonera patali, atatsamiritsa zigongono pa bondo. Chithunzi chake sichingapambane mpikisano, koma chimakwana kuti agogo a ku Dzivarasekwa atiuze dzina la mbalameyo.

Bambo a Chisomo, Mufakose

Ndathokoza kwambiri nonsenu, makamaka agogo, chifukwa nditawerengera mlongo wanga za likhweru la zipweyo, iye anakumbukira kuti bambo athu ankaliimba akamameta ndevu, ndipo tonse sitinkadziwa kuti ankatsanzira mbalame. Dzulo m'mawa ndinayesa malangizo a kamera pa akakowa amene amatsata ng'ombe m'mphepete mwa Marimba kuseri kwa nyumba zathu. Nditatsitsa kufika pa -1 nthenga zinaoneka, ngakhale kuti pa zithunzi makumi anayi ndasungapo zitatu zokha, chifukwa kadontho ka focus kankangothawira pa nyanga za ng'ombe. Ku Chivero ndipita Loweruka lachiwiri la Seputembala pamodzi ndi mkamwini wanga amene ali ndi galimoto, ndipo tidzanyamuka 5 koloko m'mawa. Muli malo a anthu awiri, ngati agogo angalole kuti tidzawatenge ku Dzivarasekwa. Thumba la saka lokhalira ndapeza kale, koma majombo a mu Januwale ndikufunabe, saizi 9, ngati wina akudziwa pamene akugulitsa motsika mtengo ku Mbare.